Chitsamba Chotchedwa Tembo

Kuseri kwa mapiri a Kafue, kumene anthu amaweta ng'ombe, kuli chitsamba chimene ana amachitchula kuti tembo. Mbuzi ikawathawa umawamva akukuwa, "Yangena mu tembo!" Anawo sadziwa kuti Tembo ndi munthu, ndipo munthuyo ndi atate anga. Ine ndikamva ndimangopitiriza ulendo, khasu paphewa, maso pansi.

Dzina lake la m'mabuku ndi lantana, chitsamba cha timinga ting'onoting'ono ndi maluwa ofiira osakanikirana ndi chikasu. Koma la tembo ndi limene linakakamira, ndipo linakakamira chaka chija mvula inathawa mu Januwale. Anzanga amachikumbukira chaka chimenecho ndi kukwera mtengo kwa ufa kapena ndi mdima wa malaiti. Ine ndimachikumbukira ndi ng'ombe imodzi yoyera, dzina lake Mukuwa.

Novembala

Tinabzala ndi mvula yoyamba, ine ndi atate. Amayi anali atamwalira kale, ndipo ine ndinali nditabwerera kwathu ku Estates, m'tauni ya Kafue, ndi mwana wanga Thoko, ukwati utandikanika. Ndinkaluka tsitsi pa kasaluni kanga kumsika, koma chakudya chenicheni chinkachokera kumunda.

Mundawo sunali wathu. Ife ndife a kum'mawa. Agogo anabwera kuno ndi ntchito ya njanji, atate nkugwira ntchito kufakitale ya feteleza mpaka kupuma. Mwini munda anali Ba Hamoonga, Mtonga woweta ng'ombe, amene kale ankagulitsa mkaka panjinga m'makomo a ku Estates. Nthawi ina mkazi wawo, Bina Chipo, anagonekedwa kuchipatala m'tauni, ndipo Ba Hamoonga ankagona kwathu mpaka wodwalayo atachira. Ubwenzi unayambira pamenepo. Atate atapuma ntchito, Ba Hamoonga anawalozera malo pafupi ndi podyetsera ng'ombe zawo nati, "Limani apa." Panalibe pepala, panalibe lendi.

Atate anga ndi munthu wa mzere. Nsapato amaziika pamzere, chimanga amabzala ndi chingwe, ndipo chuma chawo chachikulu padziko lapansi chinali heji ya lantana yozungulira nyumba yathu. Loweruka lililonse m'mawa ankakoka chingwe kuchokera kona ina kukafika kona ina, nkutenga chisizasi chawo, tche, tche, tche, mpaka dzuwa kutentha. Anthu ankaima pamsewu kuyamikira. Inenso, ndisaname, ndinkanyada nayo. Munthu akandifunsa kwathu ndinkangoti, "Pa heji yowongoka paja."

Ndiye ng'ombe zitalowa m'munda chaka choyamba, atate sanaganize kawiri. Anadula timitengo ta heji yakunyumba nkukatizika kuzungulira munda wonse. Ba Hamoonga anawapeza akuthirira.

"Ba Tembo, kuno mu munda wobweleka sitishanga vamene vinkalilila," anatero. "Milisi na nshaba ni vanu, mukolola, mwatenga. Koma mutengo usala wa mwine munda." Milisi ndi nshaba ndiye chimanga ndi mtedza.

"Si mutengo uyu, ni maflawa chabe," atate anayankha. "Muzaona mwamene pazaonekela bwino."

Ba Hamoonga anaseka nkuwasiya. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Athu anadza ndi sizasi.

Zimenezi zinachitika Thoko asanabadwe. Pofika chaka ndikunenachi, heji inali itaiwala kalekale kuti inabwera kudzakhala mpanda. Apumbwa, mbalame zija zokonda zipatso, ankadya tizipatso take takuda nkukanyera njere pachulu, pansi pa mtengo, paliponse atera. Pamene ziboda za ng'ombe zinapondaponda mpaka kusiya dothi lokha, iyo inkamera. Pamene otentha makala agwetsa mitengo, iyo inkalowa. Nthambi zimene atate ankadula nkutaya m'chigwembe zinagwira mizu komweko. Moto wa m'chilimwe unkapsereza udzu, koma lantana inkaphukanso ndi mphamvu kuposa kale, ndipo pansi pake udzu sunkamera. Tinkaziona zonsezi. Atate ankangoti yaikonda nthaka.

Ba Hamoonga anatilimira ndi ng'ombe zawo monga chaka chilichonse. Mukuwa anali ndi bere, akudya chapatali, woyera mbee pakati pa zinzake zakuda ndi zofiira.

Januwale

Chimanga chinafika m'chiuno, chobiriwira mpaka kuda. Atate anathira feteleza ndi kasipuni, phando ndi phando, akundikalipira kuti ine ndikuthira ngati ndikuponyera nkhuku. Madzulo ankasoka masaka akale pakhonde, akuwerengera kale pomwe adzawaunjike. Mukuwa anabereka kathole.

Kenaka mvula inangoti zii. Poyamba tinati ikupuma.

Febuluwale

Mitambo inkabwera masana, nkuima pamwamba pa mapiri ngati ikufuna kutiona bwino, kenaka nkupita. Masamba a chimanga anapindika ngati a anyezi. Ngayaye zinatuluka zouma kale. Ku saluni azimayi ankabwera ndi nkhani. Wina ati mvula yamangidwa ndi oumba njerwa kuti zawo zisasungunuke. Wina ati ufa wathu ukupita kumalire usiku pamalole. Wina ati kukubwera chimanga chachikasu chonga chimene amayi athu anadya kale. Kutchalitchi tinasala, tinagwada, tinaimba mpaka mawu kusasa.

Tsiku lina tinaima m'munda ine ndi atate, chimanga chikulira phwaa phwaa ndi mphepo yotentha. Chobiriwira chinali chimodzi chokha, heji, itadzaza maluwa. Atate anaisisita pamwamba ndi dzanja.

"Waona, Esnati? Ici ndiye cholimba."

"Batate, manje tizadya maflawa?" ndinawayankha.

Anatembenuka nkulunjika kunyumba. Pakamwa panga ndimapadziwa, ndi pomwe panandithetsera ukwati.

Epulo

Tinakolola ndi beseni. Masaka aja atate anawapindanso bwinobwino nkuwabweza pansi pa bedi. M'minibasi ndinaphimba besenilo ndi chitenje kuti anthu asaone tizitsononkho tathu.

Thumba la ufa linasanduka chinthu chongoyang'ana m'sitolo. Tinayamba kugula pamela, timapepala ta ufa wophika kamodzi. Ine amene ndinkaseka azimayi ogula pamela ndinkayenda mpaka cha kusiteshoni ya sitima kukagula kumeneko, kuti a mu Estates asandione. Tsiku lina ndinakumanako ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, nayenso kapepala kali m'chitenje. Tinapatsana moni ngati takumana kutchalitchi.

Malaiti anayamba kuzima kuyambira m'mawa mpaka usiku, popeza madzi anachepa kumadamu. Makina oumitsira tsitsi anakhala chete, ndipo ngakhale akanalira, mkazi amalukitsa tsitsi poto akakhala ndi kanthu. Ena anagulitsa mafiriji. Ena anatumiza ana kumudzi kumene kunalinso njala yomweyo. Amuna ambiri analowera kumapiri kukatentha makala, mitengo nkumagwa tsiku ndi tsiku.

Thoko anayamba kuonda, tsitsi nkumafiira. Ndinapita naye kumunda kukatola mapesi, Bina Chipo nkumuona. Anamukweza mkono, namuyang'ana m'maso.

"Uyu mwana ni mafupa chabe. Mailo ubwele na chigubu."

Iwonso sanakolole kanthu. Koma anali ndi Mukuwa, ndipo Mukuwa ankatulutsa mkaka. Kuyambira pamenepo ndinkapita ndi chigubu chopanda kanthu nkubwera nacho ndi mabisi, mkaka uja wowawasa umene Atonga amadyera nshima. Thoko ankapsipsintha zala. Masaya anayamba kubwerera.

Julayi

Kunazizira, ndipo udzu unatha msanga kuposa chaka chilichonse. Kale, ati Ba Hamoonga, msipu wa pamenepo unkasunga ng'ombe mpaka mvula. Tsopano theka lake linali lantana, ndipo ng'ombe zinkapanikizana pa theka lotsalalo mpaka kuliseteka. Pamene zaseteka, timbewu ta lantana tinali tikudikira kale.

Chipo, mwana wawo woyamba, anakonza zoti atenge ng'ombe zonse apite nazo kumadambo a kumtsinje, kutali, monga amachitira oweta chilala chikavuta. Ndinafika ndi chigubu changa iwo ali mkati mokangana kuseri kwa khola.

"Bamama, pano palibe uzu," Chipo ankatero. "Lekani Mukuwa ayende na banzake."

"Akayenda, bazukulu banga bazamwa chani? Na ka Thoko?"

"Thoko ni wa mu tauni. Bali na mashopu kuja."

"Mashopu yadyewa? Mukuwa asala."

Chipo anatuluka nkundipeza nditaima pomwepo. Anayang'ana chigubu, osati ine, nkupita. Manyazi anandigwira. Bina Chipo anangotambasula dzanja nkundilanda chigubucho ngati palibe chanenedwa.

M'mawa mwake ng'ombe zinanyamuka. Mukuwa anatsala ndi kathole kake, akulira kuyang'ana fumbi la zinzake.

Seputembala

Dziko linayera. Mphepo inkanyamula dothi nkulithira m'maso. Kuchokera pamsewu mpaka kumapiri, masamba otsala anali a lantana okha, makamaka m'chigwembe muja atate ankataya nthambi. Ng'ombe zobadwira kumeneko zinkaidziwa, zinkangoinunkhiza nkudutsa. Koma njala ndi njala. Zinayamba kuidya.

Zoyamba kudwala zinali za anthu ena amene analibe wozipititsa kumtsinje. Maso ankasanduka achikasu, mphuno nkusupuka, ndowe nkuleka kutuluka. Ng'ombe inkathawa dzuwa kufunafuna mthunzi pamalo opanda mitengo. Kenaka zinamufika Mukuwa, ndipo popeza anali woyera, dzuwa linamulowa kuposa zonse. Khungu la pamsana linang'ambika ngati chikopa cha nsapato yakale. Mkaka unachepa, kathole nkufa.

Dokotala wa ziweto anaitanitsa msonkhano pa dipi, pamene amasambitsira ng'ombe. Atate anati apite nawo, atavala jekete lawo la kufakitale, lochita kusita ndi makala. Ine ndinali ndi chigubu m'manja, chizolowezi. Dokotalayo anakweza nthambi ya lantana nkufotokoza kuti imawononga chiwindi cha ng'ombe, ndipo mankhwala enieni palibe, koma mthunzi, madzi ndi udzu wabwino. Anthu anaseka pa mawu akuti udzu wabwino.

Ndiye anaimirira bambo wina amene ng'ombe zake zinali zitafa kale.

"Ise tinabadwila kuno, ici cintu sitinacipeze. Cinabwela na bantu ba mu tauni. Mwine wake uyo ali apo na jekete. Mufunseni."

Makosi onse anatembenuka. Ndinapemphera kuti atate akhale chete. Sanakhale chete.

"Ine ninashanga chabe mumbali mwa munda, pa laini," anatero. "Mbalame sindine ninazituma."

Panamveka phokoso ngati la njuchi. Mnyamata wina anatola mwala, osauponya, kungougwira. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe, ine ndi chigubu changa chomwe. Atate anga, munthu wamkulu, ng'ombe za anthu zikufa, iwo akukamba za laini.

Ba Hamoonga anadzuka pang'onopang'ono, atatsamira ndodo.

"Uja munda ni wa ndani?"

"Ni wanu, mudala," anthu anayankha.

"Mutengo ukamela mu munda wobweleka, ni wa ndani?"

Nkhalamba ina kumbuyo inati, "Ni wa mwine munda."

"Ndiye ni wanga. Nenzepo siku yamene banashanga, ninaona na menso yanga, ninaseka. Wamene ali na mulandu abwele pa nyumba panga. Mulendo wanga mumusiye."

Nkhani inathera pamenepo. Ungamuimbe bwanji mlandu munthu amene ng'ombe yake ikusupuka khungu kuseri kwa nyumba? Mnyamata uja anagwetsa mwala. Koma bambo woyamba uja, akuvala chipewa kuti azipita, ananena mokweza kuti aliyense amve.

"Mulandu ni wanu, mudala. Koma zina ni ya uyu. Kuyambila lelo ici cintu ni tembo."

Akanatitukwana ndikanapirira, pakamwa ndili napo. Akanatilanda munda ndikanati chabwino, talipira. Koma kutchingidwa ndi munthu yemweyo amene wamupweteka ndi chinthu cholemera kwambiri, ndipo palibe poti nkuchitula. Ndinabwerera kunyumba chigubu chili chopanda kanthu, ndipo ndinasangalala kuti chilibe kanthu.

M'mawa mwake atate ananyamula khasu ndi nkhwangwa. Sanayambe ndi kumunda. Anayamba kwa Ba Hamoonga, nkuvula chipewa pakhomo, popeza heji sinalinso yawo kuti angoizula.

"Nipempa nizule mitengo yanu."

"Zulani, Ba Tembo," Ba Hamoonga anayankha. "Koma mbalame zinayenda kudala."

Anazula. Ankanyamuka mbandakucha, nkubwera madzulo mikono itakalikakalika, magazi ataumira m'mizere. Chitsa chimodzi chinkawatengera m'mawa wonse. Akawongoka kuti apume ankaona chigwembe chonse, zulu zonse, mpaka kuphiri, zili lantana yokhayokha. Ine ndinkapita kumtsinje cha kumlatho kukamweta udzu ndi bango lanthete, nkukwera nazo minibasi, kondakitala akundiseka kuti mbuzi yanga ilipire mpando wake. Ndinamumangira Mukuwa kamthunzi ndi masaka aja a pansi pa bedi. Ankanunkhiza udzuwo, nkudyako pang'ono, nkutembenuza mutu.

Okutobala

Kunatentha mpaka phula kufewa pamsewu wa ku Lusaka. Linali Loweruka m'mawa. Chisizasi cha atate chinali chisanalire chichitikire msonkhano uja, koma heji yakunyumba, imene inkamwa madzi athu osambira, inali itachita maluwa ngati pali ukwati.

Ndinamva kugogoda pageti. Anali Bina Chipo, beseni pamutu, mapazi atayera ndi fumbi. Anali atayenda wapansi kuchokera kwawo. Ndinawapatsa mpando, iwo nkukhala pansi pakhonde. Anafunsa za Thoko, za miyendo ya atate, za kutentha. Atatha zonsezo ndiye anavundukula beseni.

Inali nyama. Mafuta ake anali achikasu, ndipo ngakhale mnofu unali ndi kachikasu.

"Mukuwa anagona mailo, anakangiwa kuuka," anatero. "Bamudala banamucheka akali kupema. Iyi ni mbali yanu."

Atate anaima pakhomo, mikono yawo ya zipsera ili lende.

"Bina Chipo, ise sitingalandile. Si ise oyenela."

"Wamene anamwa mukaka afunika alaweko na nyama. Ndiye mwamene ticitila ise. Mufuna nibwelele nayo, bantu bakambe ati ba Tembo batikana?"

Ine ndinalowa m'nyumba kukatenga poto, popeza wina anayenera kutero. Ndinafunafuna choti ndiike m'beseni mwawo kuti lisabwerere lopanda kanthu. M'nyumba monse ndinapeza theka la sopo.

Ndinawaperekeza. Pageti anaima kukonza nkhata pamutu, nkuyang'ana heji uku ndi uku. Anagwira duwa limodzi ndi chala. Ndinawayang'anitsitsa kumaso kufuna kuona mkwiyo, mwina ndipepukidwe. Munalibe. Ankangodabwa, monga munthu amadabwira mwana wa mnzake wonenepa.

"Koma maflawa ya batate bako," anatero, "yeve siyamvela chilala."

Anasenza beseni nkupita.

Heji ija atate anaigwetsa sabata yomweyo, ndipo mpaka lero nyumba yathu ili pambalambanda, aliyense wodutsa amaona mpaka m'khitchini. Mundawo tikulimabe, Ba Hamoonga anakana kuulandira. Mvula itabwera, zitsa zimene atate anazula zinasiya dothi lofewa, ndipo m'menemo munamera timbande ta lantana tochuluka kuposa tsitsi.

Koma tsiku lija ndinaphika. Ndinaiwiritsa nyamayo nkutaya madzi oyamba, nkuiwiritsanso, kuwawa kwake osatheratu. Fungo linatuluka mpaka kumsewu, ndipo ndinatseka mawindo. Ndinaphika nshima ya pamela, nkuika mbale patebulo. Atate anakhala pampando wawo, manja pamaondo, akuyang'ana khoma.

Thoko anadya mpaka msuzi kutsikira m'chigongono. Kenaka anadzutsa mutu.

"Agogo, simudya? Ni nyama."

Atate anakoka beseni la madzi nkusamba m'manja nthawi yaitali. Anatema nshima, nkuviika, nkudya. Nanenso ndinadya. Tinali ndi njala. Thoko anakweza mbale yake kupempha ina, ndipo ndinamuwonjezera.